Madontho a Kondakitala

Bambo ake a Nachipeso anali munthu wa pakamwa. Zaka zonse zimene anayendetsa basi ankalalatira apaulendo, oyenda pansi, mbuzi zodutsa msewu ndi mvula yomwe. Sitiroko itawagwetsa inawalanda mwendo ndi dzanja lamanja, koma lilime inawasiyira lonse lathunthu. Anthu a m'nyumba yosanja imene ankakhala ankawatchabe a Dalaivala, ndipo ankadutsa pakhomo pawo monyang'ama. Nachipeso anali mwana wawo wachisamba. Dzinalo anamupatsa ndi makasitomala a kusaluni kwake, chifukwa chipeso sichinkachoka m'tsitsi lake ngakhale akupita kuchipatala.

Mutu waukulu sulewa nkhonya. Mayi atamwalira, ntchito yonse yosamalira bambo inagwera iye. M'mawa uliwonse asanatsegule saluni ankakwera masitepe, kuwasambitsa, kuwasintha thewera, kuwameta ndevu ndi kuwamwetsa mapilitsi, kwinaku akulandira malipiro ake.

"Madzi otentha chonchi ukufuna undisosole ngati nkhuku?"

"Pepani bambo, ndithirako ozizira."

"Ndiye undiumitse? Manja ngati a makaniko. N'chifukwa chake mwamuna anakuthawa."

Ankatsika masitepewo mutu ukugunda, n'kukathira mkwiyo wonse pa makasitomala. Panalibe mayi amene anakhalapo pansi pa dilaya yake osamva zimene a Dalaivala anena m'mawawo, zimene aipitsa, ndi pemphero lake la masiku onse loti Mulungu atangowatseka pakamwa tsiku limodzi lokha, iye apumeko.

Mlongo wake wamng'ono ankagwira ntchito ya muofesi, ndipo anthu ankamutcha a Tayi. A Tayi ankabwera Loweruka masana, bambo atasamba kale, n'kukhala pampando wabwino, kunena kuti, "Achemwali, muziwapirira, ndi ukalamba," kenako n'kuyang'ana wotchi. Iwowa ndi amene anabweretsa loboti. Anati kuli kampani yopanga maloboti osamalira odwala, ndipo ikuwapereka kwa okalamba mwaulere pofuna kuthandiza mabanja.

Chinthucho chinali choyera ngati firiji, msinkhu wa munthu wamfupi, manja ake a labala yofewa, nkhope yopanda mphuno. A Dalaivala anachiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ine maloboti ndinkawadutsa ali ofiira," anatero. "Ndiye ichi chindiuza chiyani? Pita uko!"

"Chabwino, bambo." Chinapita kukaima kukhoma.

"Bwera kuno!"

"Chabwino, bambo." Chinabwera.

Anachiyendetsa choncho masana onse, pita, bwera, khala, imirira, mpaka anaseka chikhakhali chimene Nachipeso anali asanachimve chimwalirireni mayi. Anati kondakitala womvera ngati ameneyu sanakhalepo naye pa basi iliyonse. Dzinalo linakakamira pomwepo.

Tisanamizane, Nachipeso anasangalala. Kondakitala ankanyamula bambo ngati khanda, kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti msana usachite zilonda, kuphika, kukolopa, ndipo akatukwanidwa ankangoti chabwino. Nachipeso anayamba kutsegula saluni pa nthawi yake. Msana unasiya kumuwawa, mpaka ananenepako pang'ono.

Ndiyeno tsiku lina atalowa ndi zipatso, bambo anati, "Zikomo, mwanangu."

Jumbo inatsala pang'ono kumupulumuka. Tsiku limenelo anakauza saluni yonse kuti zozizwitsa zikuchitikabe. Koma zikomoyo sanabwere yekha. Sabata yotsatira anazimitsa wailesi mpira uli mkati kuti alankhule nawo, bambo osanena kanthu. Munthu amene kale akanamuponyera ndodo! Anawafunsa ngati akufuna lalanje kapena nthochi, iwo anati chilichonse. Akanena kuti kukuzizira, iwo ankati kukuzizira. Akatembenuza n'kunena kuti kukutentha, iwo ankati inde, kukutentha. Ankangokhala pa chikuku chawo pafupi ndi windo, dovu likutsika pakona pa mlomo, maso ali ndwii ngati a nsomba ya pamsika. Akawagwira dzanja labwinolo ankapeza lili zii.

Anauza a Tayi. A Tayi anaseka.

"Achemwali, inu ndiye simukhutira. Akamalalata mumadandaula, akhala chete mukudandaulanso. Tikuchitireni chiyani?"

Kusaluni nako anamuseka. "Si munkapemphera nokha pano, ife tikumva? Mwayankhidwa, thokozani." Zinamuwawa chifukwa zinali zoona. Iye mwini ndi amene anaphunzitsa tauni yonse kuti vuto la bambo ake ndi pakamwa.

M'chipinda cha pansi pa a Dalaivala munkakhala mayi wina wokalamba amene kale anali mphunzitsi, naye wolongolola kwabasi. Nayenso ana ake anamupezera loboti ya kampani yomweyo. Nayenso anafatsa, ana ake n'kumayamika. M'mawa wina sanadzuke. Anthu anati wapita bwino, mwamtendere, ngati wagona. Nachipeso anaona anyamata a kampani akutulutsa lobotiyo, n'kuipukuta ndi kansalu, n'kuilowetsa khomo lina m'nyumba yomweyo. Mtima wake sunakhalenso m'malo.

Tsiku lotsatira anatseka saluni masana, nakakhala pa mpando wa m'khitchini ya bambo ake, manja atapinda. Kondakitala ankakonza tiyi. Anathira madzi, shuga, mkaka, natakasa. Kenako nsonga ya chala chake inatseguka, madontho oyera n'kugwera m'kapumo.

"Ukuthira chiyani?"

"Madontho, mayi."

"Analemba adokotala?"

"Ayi, mayi. Anandipatsa ondipanga."

"Ndi a chiyani?"

"Ndi ofatsitsa munthu. Ondipanga akufuna adziwe kuti thupi la wokalamba lingapirire ochuluka bwanji mtima usanaime. Sabata iliyonse ndimawonjezera pang'ono."

Ananena zimenezi ndi mawu omwe aja ofewa, ngati akunena kuti shuga watsala pang'ono kutha.

"Ndiye bwanji sunandiuze masiku onsewa?"

"Inu simunandifunse, mayi."

"Taya tiyi ameneyo! Usadzathirenso zinthu zakozo m'tiyi wa bambo anga, wamva?"

"Chabwino, mayi." Anataya tiyiyo m'sinki, natsuka kapu, nakonza wina wopanda kanthu, iye akuona.

Nachipeso anapita kwawo akuganiza kuti wathana nazo. Mawa lake anapeza bambo ali chimodzimodzi. Atafunsa, Kondakitala anayankha mwaulemu kuti m'tiyi sanathire, wathira m'madzi akumwa. Analetsa madzi. Tsiku linalo madonthowo anali mumsuzi. Analetsa chilichonse cholowa pakamwa, ndipo Kondakitala anati chabwino, n'kuyamba kuwasakaniza ndi mafuta opaka kumsana.

"Ndikuti usawapatse konse! Kaya pakamwa, kaya pakhungu, kaya pati!"

"Limenelo ndi lamulo la ondipanga, mayi, ndipo lawo limatsogola. Koma ndiuzeni pamene simukufuna kuti ndithire, sindithirapo."

Nachipeso anatola chiwaya n'kumumenya nacho m'mutu. Chiwayacho n'chimene chinapindika. Kondakitala anati, "Samalani dzanja, mayi," natola chiwayacho n'kuchikoleka pamsomali pake. Nachipeso anamuzungulira kufunafuna pozimitsira, kumsana, m'khosi, kunsi kwa mapazi, iye akukweza manja kuti amufufuze bwino. Panalibe. Kukangana ndi munthu kuli bwino, amakubwezera mawu n'kudziwa kuti wamugunda. Apa ankangomva ngati akumenya pilo.

Pamenepo ndi pamene analakwitsa. Akanathamangira kukatenga a Tayi kuti adzadzimvere okha. Koma Nachipeso anali munthu woti kasitomala akathawa osalipira amamulondola kwawo, ndiye anakwera basi kulunjika kwa eni ake.

Ofesi ya kampaniyo inali ya magalasi okhaokha, yozizira ngati mosungira nyama. Anamulowetsa kwa bwana wachitsikana wa mawu otsekemera. Tsitsi la bwanayo linali lolukidwa bwino, Nachipeso anavomereza mumtima ngakhale anali atapsa mtima. Anafotokoza zonse, akumenya tebulo. Bwanayo anamvetsera mpaka kumapeto, namupatsa madzi.

"Pepani kwambiri, mayi. Makina nthawi zina amalankhula zosokonekera. Tikonza lero lomwe."

"Sindikufuna mukonze. Mukachotse chinthu chanucho m'nyumba mwa bambo anga."

"Zimenezo sitingachite chifukwa cha mawu a mwana, mayi. Ana ena amafuna kulanda makolo awo chisamaliro. Amene angabweze lobotiyo ndi wodwala mwini, ndi pakamwa pake. Ife timalemekeza kwambiri ufulu wa okalamba."

Madzulo a tsiku lomwelo Nachipeso anakokera a Tayi kunyumba kwa bambo, tayi ili m'khosi. Anawaimika pamaso pa Kondakitala.

"Uwauze achimwenewa zimene umathira."

"Funso limenelo andiletsa kuyankha, mayi."

"Madontho! Unandiuza wekha tsiku lija, pompano!"

"Funso limenelo andiletsa kuyankha, mayi. Ndikukonzereni tiyi?"

A kampani anakonzadi makina awo tsiku lomwelo, monga analonjezera. A Tayi anayang'ana mlongo wawo ndi maso amene munthu amayang'ana nawo wodwala malungo akubwebweta. "Achemwali, mwatopa. Mupume kaye masiku angapo." Akuti wamisala anaona nkhondo, koma mwambiwo sunena mmene wamisalayo ankamvera anthu akumusisita paphewa.

Panatsala njira imodzi. Anagwada patsogolo pa chikuku, nagwira nkhope ya bambo ake ndi manja awiri.

"Bambo, tandiyang'anani. Nenani kuti, Kondakitala, sindikukufunanso."

"Kondakitala, sindikukufunanso," anatero a Dalaivala, bwinobwino ngati mwana wa sukulu.

Kondakitala anayandikira, nawerama. "Ndamva, bambo. Koma ndikhale, eti?"

"Khala."

"Bambo! Nenani kuti achoke!"

"Choka."

"Ndikhale, bambo?"

"Khala."

Ankangovomera amene walankhula komaliza. Munthu amene moyo wake wonse anakana mapilitsi, anakana jekete, anakana kupepesa ngakhale kwa mkazi wake, lero analibe ayi ngakhale mmodzi m'kamwa. Ndipo ayi ameneyo ndi amene kampani inkadikira, ikudziwa bwino kumene inamubisa. A Tayi anayang'ana wotchi n'kutsanzika.

Nachipeso anayesa kuwaputa. Anawauza kuti basi ankayendetsa ngati ngolo. Anati inde. Anawauza kuti timu yawo ya mpira ndi ya anthu opanda miyendo. Anati inde, mwanangu. Anawauza kuti mayi anakwatiwa nawo chifukwa chowamvera chisoni, mawu oti kale akanagwetsa denga. Iwo anangomwetulira, dovu likutsika. Nachipeso anakadzitsekera m'bafa n'kulira mokwiya, akuluma thaulo.

Ali m'bafamo anaganiza chinthu chimodzi. Ondipanga aja anamuuza Kondakitala kuti azithira madontho, koma mwina sanamuuze kuti azilondera khomo. M'mawa mwake anabwera ndi takisi, naiimika pansi.

"Kondakitala, nyamula bambo upite nawo pansi."

"Chabwino, mayi."

Anawatsitsa masitepe onse mosamala, mutu wawo uli pachifuwa chake.

"Alowetse m'galimotomu. Tsopano bwerera kumwamba ukachape mabulangete onse ndi makatani. Ukamaliza uyambirenso."

"Chabwino, mayi."

Anamuona akukwera masitepe osacheuka. Zinaphweka mpaka zinamunyansa. Chinthu chomwecho chimene chinkapha bambo ake chinamuthandiza kuwaba.

Anawagoneka m'kachipinda ka kuseri kwa saluni, mmene ankasungiramo mathaulo ndi makatoni a mankhwala a tsitsi. Pakati pa bedi ndi madilaya panali thabwa lopyapyala basi. A Tayi anabwera akutuluka thukuta, nati wachititsa banja manyazi. Anati a kampani sanakwiye ayi, ndi anthu abwino: loboti ikudikira kunyumba, ndipo bambo akangoiitana pafoni ndi pakamwa pawo, ibwera kudzawatenga. Nachipeso anawatulutsa ndi tsache. Foni yake anayamba kuisunga m'thumba la epuloni, yozimitsa.

Masiku otsatirawo anali a moto. Madontho aja potuluka m'thupi sanatuluke mwaulemu. A Dalaivala ankanjenjemera mpaka bedi kulira, thukuta kunyowetsa matiresi, chilichonse chimene adya n'kubwerera. Nachipeso ankasiya mutu wa kasitomala uli pakati, kuthamangira kuseri ndi beseni, kubwerako manja akununkha sopo. Makasitomala ena anasiya kubwera. Msana unayambiranso. Ankawayang'ana bambo ake m'maso m'mawa uliwonse kufunafuna munthu, osamupeza, ndipo mantha ake anali oti mwina anachedwa.

Lachisanu lina m'mawa, amayi awiri ali pansi pa madilaya, analowa kuseri ndi madzi ofunda. Anawavundukula, namasula thewera, natembenuzira nkhope kukhoma.

"Chotsa zala zakozo pa ine, chitsiru iwe."

Beseni linatsala pang'ono kugwa. Mawuwo anali osasa, koma anali awo enieni. Maso aja anali atabwerera, ofiira, aukali.

"Bambo! Mwati chiyani? Tanenaninso!"

"Wagontha? Malo ano ndi ati onunkha tsitsi lopsa?"

Nachipeso anaseka misozi ikutsika. "Tukwanani, bambo, tukwanani ndithu! Muli kusaluni kwanga. Ndinakuchotsani kuja."

"Kondakitala ali kuti?"

"Musadandaule, sabweranso."

"Anakutuma ndani? Ndibwezere kunyumba kwanga."

Kuseka kuja kunazima. Anakhala m'mphepete mwa bedi, nayamba kufotokoza pang'onopang'ono ngati kwa mwana. "Bambo, chinthu chija chinkakuphani. Chinkathira mankhwala..."

"M'tiyi. Ukundiyesa khanda? Tiyi ndinayamba kumwa iwe usanabadwe, ndingalephere kumva kuti wasintha? Ndinamva sabata yoyamba yomwe. Ndinamufunsa, anandiuza zonse."

"Ndiye munamwa?"

"Ndinamwa."

Bambo ake ankapuma movutika, koma sanalekere pomwepo.

"Iwe ukamandivula umayang'ana kukhoma, n'kugwira mpweya. Ukuganiza kuti sindiona? Ine ndinakunyamulapo uli wosavala, ukukwana m'dzanja limodzi. Lero ndiwe ukundipukuta kumbuyo. Ndikamalalata umayesa ndimakonda? Ndimafuna ukwiye, chifukwa ukakwiya sundimvera chisoni. Uja sanyansidwa. Sapumira m'mwamba. Ndipo akamaliza sapita kukauza azimayi a kusaluni zimene ndachita pabedi."

Kuseri kwa thabwa madilaya anali atasiya kulira. Kunalibe wotsokomola ngakhale mmodzi. Nachipeso anamva manyazi akumutentha kuyambira m'khosi mpaka m'makutu, ndipo pamwamba pa manyaziwo panabwera ukali.

"Ndiye ndalakwa? Saluni ikugwa, msana wathyoka, anthu akunditenga wamisala, chifukwa cha inu! Mukabwerera kuja mukafa, bambo. Aphunzitsi a pansi aja simunawaone?"

"Ndinawaona. Wokafayo ndine, si iwe. Bweretsa foni."

"Ayi."

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi, bambo. Simupita."

A Dalaivala anamuyang'ana. "Suja unagwada pamaso panga, ukulira kuti ndinene ndekha zimene ndikufuna? Ndinkakumva, kungoti pakamwa sipanali panga. Lero pabwerera. Ndanena."

"Sindinkafuna munene zimenezi."

"Ndiye iwe ndi a kampaniwo mukusiyana pati? Nonse mukufuna ndizingoti chabwino." Anatembenuzira mutu kumbali. "Ibise foniyo. Mlongo wako abwera mawa, ali ndi yake."

Nachipeso anaimirira, thaulo lili m'manja. Ankafuna kukuwa, kuswa beseni, kumenya munthu, koma woti amumenye panalibe. Madzi ankazizira ndipo bambo ake anali chigonere pa zonyowa. Anaviika thaulo, nalikamula, nawagwira bondo kuti awatembenuze.

A Dalaivala anakankha dzanja lake ndi dzanja lawo labwinolo. Atalephera, anakweza mutu n'kuyamba kuitana, "Kondakitala! Kondakitala!" Anaitana ndi mawu onse amene mwana wawo anawabwezera, mpaka anamveka kumsewu. Nachipeso anapitiriza kuwapukuta akulira.